Goji wa ku China uja, kodi ndiwagulire amayi kapena ndisiye?

NaPhiri Chilomoni: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso makamaka kwa inu amene muli ku China kapena munakhalako. Pali mayi wina kutchalitchi kwathu akugulitsa zipatso zing'onozing'ono zofiira zouma akuti dzina lake goji, kapaketi ka magalamu 250 akupanga K40,000, nde akuti zimatsuka maso, zimatsitsa shuga ndi BP komanso munthu sukalamba msanga. Amayi anga kumudzi maso ayamba kuchita chifunga, ulusi pa singano sakutha kulowetsa, Baibulo akuchita kuwawerengera adzukulu, ndiponso ali ndi shuga amamwa mankhwala a kuchipatala. Ndalamayo ndikhoza kuisaka koma ndimati ndimve kaye kwa amene mukuzidziwa bwino zipatsozi.

Ankolo a ku Joni: Kuno zadzadza m'mashopu a zakudya za thanzi ndi m'mafamase momwe, azungu amathira mu phala la oats m'mawa. Ndinalawako, ndi zotsekemera pang'ono kenako kakuwawa chakumapeto, zimakakamira m'mano. Koma mtengo mwatchulawo wakwera mchemwali.

Make Tadala: NaPhiri gulani musachedwe. Inenso ndimagulitsa, ndimaitanitsa limodzi ndi katundu wanga wa ku Guangzhou, ndipo makasitomala anga ambiri akuyamikira, ena akuti kutopa kunatha, ena akuti akugona bwino. Ineyo ndimamwa m'mawa uliwonse m'madzi otentha. Anthu a ku China adya zimenezi zaka masauzande, inu munaona nkhalamba ya ku China ikuyenda chowerama? Pali bambo wina kumeneko anakhala zaka 256 chifukwa cha goji yemweyu

Mnyamata wa ku Yinchuan: Moni nonse, ndadzuka ndapeza nkhaniyi ndipo yandikhudza chifukwa ndikukhala kwawo kwenikweni kwa chipatsochi. Ndili pa sukulu ku Yinchuan, likulu la chigawo cha Ningxia kumpoto chakumadzulo kwa China. Kuno amati gouqi. Goji wotchuka kwambiri dziko lonse la China amachokera ku Zhongning, boma lina kumwera kwa mzinda uno m'mbali mwa mtsinje wa Yellow River. Dera lino ndi louma kwabasi, mvula pa chaka imangokwana mamilimita 200 kapena kuchepera, moti minda yonse ndi yothirira ndi madzi a mumtsinjewo, dothi lake ndi lamchere, masana dzuwa limaswa mtengo usiku nkuzizira, nde akuti zimenezo ndi zimene zimakometsa chipatsocho. Amalimanso kwambiri ku Qinghai, Gansu ndi Xinjiang.

Chimene ndikufuna mudziwe achemwali ndi choti kuno goji si chinthu chodabwitsa ayi. Ali mu msika uliwonse, m'masaka, amayeza pa sikelo, ndipo wophunzira ngati ine ndimagula osamva kuwawa m'thumba. Amamuika mu supu momwe ife timaikira anyezi mu ndiwo. Supu ya nkhuku amawazamo kadzanja kamodzi ikatsala pang'ono kupsa, phala la mpunga la m'mawa amaikamo, hotpot (poto wa supu yowira pa tebulo momwe aliyense amaphikiramo nyama ndi masamba) mumapeza tofiira tikuyandama pamwamba. Madalaivala a takisi, alonda a pa geti, aphunzitsi athu, aliyense amayenda ndi kafulasiki ka madzi otentha muli zipatso khumi kapena kuposerapo pang'ono, madzi akatha amawonjezera ena, madzulo nkutafuna zotsalazo. Mpaka achinyamata amanena kuti ukaona munthu wayamba kuika gouqi mu fulasiki ndiye kuti wavomereza kuti wakula. Koma munthu yemweyo wa fulasikiyo akadwala shuga amapita kuchipatala kukalandira metformin kapena insulin, diso likachita ng'ala amapita ku opaleshoni. Sindinakumanepo ndi munthu kuno wonena kuti wasiya mankhwala chifukwa cha gouqi.

NaPhiri Chilomoni: Eeh zikomo achimwene, nde kumeneko samazitenga ngati mankhwala?

Mnyamata wa ku Yinchuan: Amazitenga, koma mankhwala ake a mtundu wina. M'zachipatala zamakolo za ku China muli gulu la mankhwala amene ntchito yake ndi kuwonjezera mphamvu m'thupi pang'onopang'ono, osati kulimbana ndi nthenda imene yabuka kale. Gouqi ali m'gulu limenelo. Iwo amati amadyetsa chiwindi ndi impso ndipo amawalitsa maso, nde amapatsa anthu achikulire odandaula msana ndi mawondo kufooka, chizungulire, m'makutu kulira, maso kuuma. Komatu chiwindi ndi impso zimene akunenazo ndi za kaganizidwe kawo ka momwe thupi limayendera, sizifanana ndendende ndi impso zimene dokotala amayeza ndi makina. Muyezo umene uli mu buku la boma la mankhwala ndi magalamu 6 mpaka 12 pa tsiku, kadzanja kochepa basi. Ndipo asing'anga awo kawirikawiri samupereka yekha, amasakaniza ndi zina, mwachitsanzo pali mibulu yotchedwa Qi Ju Di Huang Wan muli gouqi, maluwa a chrysanthemum ndi mizu ingapo, ya maso ouma ndi chizungulire. Amaletsanso kudya ukakhala ndi chimfine chotentha thupi kapena ukutsegula m'mimba, ndipo azimayi achikulire kuno amakuchenjeza kuti ukadya wambiri utuluka kamfuno.

Aphunzitsi Opuma: Ndalowa mochedwa ana anga koma ndiloleni ndiikepo mawu pa mbiri yake, poti ndimakonda kuwerenga zoterezi. Make Tadala akunena zoona kuti chipatsochi nchakale. Chinalembedwa m'buku lakale la zitsamba lotchedwa Shennong Bencao Jing, la zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo sing'anga wotchuka Li Shizhen anachifotokozanso m'buku lake lalikulu Bencao Gangmu limene anamaliza kulemba mu 1578 nkusindikizidwa mu 1596 iye atamwalira kale. Apo palibe bodza. Koma za bambo wa zaka 256 uja, mwanawe, imeneyo ndi nthano. Dzina lake Li Qingyun, anamwalira mu 1933, ndipo palibe chikalata chodalirika cha kubadwa kwake. Munthu amene zaka zake zinatsimikizika kuti anakhalitsa kuposa onse ndi mayi wa ku France, Jeanne Calment, anamwalira mu 1997 ali ndi zaka 122. Nthano ya Li Qingyun inafalitsidwa kwambiri ndi ogulitsa juwisi wa goji ku America m'zaka za m'ma 2000, ndipo mu 2006 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA kumeneko linalembera makalata ochenjeza makampani awiri chifukwa chotsatsa juwisiyo ngati mankhwala ochiza matenda.

Make Tadala: Adadi ine zimenezo ndinaziwerenga pa pepala limene linabwera ndi katundu, sindinapeke ndine. Koma nanga anthu anga akuti akupeza bwino aja akunama?

Aphunzitsi Opuma: Sakunama ayi. Munthu amene wayamba kumwa madzi otentha m'mawa m'malo mwa tiyi wa masupuni anayi a shuga, nkumadyako chipatso tsiku lililonse, akhoza kumvadi kupepuka m'thupi. Chimene ndikukana ine ndi kulonjeza munthu wodwala kuti achira.

Anti Nesi Leeds: Ndangoweruka ku naiti, ndawerenga zonse kuchokera pamwamba. NaPhiri mwana wanga ndimvere bwino. Mayi wachikulire wa shuga amene maso ayamba chifunga, zinthu zimene timaganizira msanga ndi zitatu, ng'ala, shuga kuwononga timitsempha ta kuseri kwa diso, kapena glaucoma imene ndi kuchuluka kwa mphamvu ya madzi m'diso. Ng'ala imachoka ndi opaleshoni basi, palibe chipatso, palibe dontho la m'maso, ndipo opaleshoni yake ndi yachidule munthu amayambanso kuona bwino. Koma ziwiri zinazo zikawononga diso silibwerera, nchifukwa chake mwezi uliwonse umene mukudikira kuti muone ngati goji agwira ntchito ndi mwezi umene diso likhoza kutayika. Inu muli ku Chilomoni, ku Queens kuli chipatala cha maso cha Lions pompo, K40,000 imeneyo ikhale thiransipoti yokawatenga amayi kumudzi akawaunike m'maso. Mukauze adokotala kuti ali ndi shuga kuti akawathire mankhwala okulitsa kamwana ka diso nkuona mpaka kuseri.

Nde pa za shuga. Goji wouma pa magalamu 100 aliwonse pafupifupi magalamu 45 ndi shuga, ndiye kuti masupuni ang'ono 11. Kadzanja ka magalamu 10 kamene akunena mnyamata wa ku Yinchuan ndi supuni imodzi, palibe vuto lalikulu, koma ine ndimawadziwa amayi athu, ukawauza kuti awa ndi mankhwala a shuga ndipo ndagula modula adzatafuna tsiku lonse kuti achire msanga, ena mpaka kusiya mapilisi awo.

Make Tadala: Anti nde mukutanthauza kuti za maso zija ndi bodza lokhalokha? Chifukwa ngakhale pa intaneti madokotala akunena

Anti Nesi Leeds: Ayi si bodza lokhalokha, ndipo ndisachinyoze chipatsochi chifukwa chili ndi ubwino wake. Goji ali ndi zeaxanthin wambiri kuposa pafupifupi chakudya china chilichonse, ndi chimene chimamupatsa mtundu uja. Zeaxanthin ameneyu pamodzi ndi mnzake lutein amakaunjikana pakati pa kansalu ka kuseri kwa diso, pamalo otchedwa macula amene timaonera zinthu zing'onozing'ono monga zilembo, ndipo amateteza pamenepo ku kuwala koopsa. Ku Hong Kong mu 2005 anapeza kuti anthu atadya magalamu 15 tsiku lililonse kwa masiku 28 zeaxanthin m'magazi mwawo anachuluka kuposa kawiri. Ku yunivesite ya California, Davis mu 2021 anatenga anthu 27 a zaka 45 mpaka 65, mwa iwo 13 ankadya magalamu 28 kasanu pa sabata kwa masiku 90, ndipo utoto woteteza wa pa macula uja unawonjezereka. Nde makolo a ku China aja ponena kuti amawalitsa maso panali kanthu kamene anakaona. Koma taonani, anthu 13 okha, a maso abwinobwino, ndipo chimene anayeza ndi utoto osati kuti wakhungu wayamba kuona. Kuteteza diso labwino ndi kuchiza diso lodwala ndi nkhani ziwiri.

Komanso zimenezi kwathu zilipo. Chimanga chachikasu ndi cha olenji chija anthu amachinyoza chili ndi zeaxanthin, yolk ya dzira, tsabola wa olenji, ndipo lutein wadzadza mu masamba obiriwira kwambiri, bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, kholowa, makamaka mukatendera kapena kuthira timafuta chifukwa amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta.

Bambo a Mphatso Dedza: Apa nde mwandisangalatsa anti, nkhwani zotendera tikudya daily kuno. Koma ine funso langa ndi la ulimi, mtengo wake ndi wotani, sungamere kuno ku Dedza poti nkozizira? Ngati kapaketi kakugulidwa chonchija bwanji osangodzala

Che Jafali Mangochi: Pepani ndidule kaye. Mayi a kunyumba kwanga anawaika valavu yachitsulo mu mtima, matenda aja oyamba ndi zilonda zapakhosi ali mwana, nde amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, tsiku lililonse moyo wawo wonse. Mlamu wanga anabwera ndi goji ameneyu kuchokera ku Joni akuti awonjezere magazi, ayamba kumwa ngati tiyi kuyambira sabata yatha, makapu awiri atatu pa tsiku. Dzulo amandiuza kuti akamatsuka m'kamwa nkhama zikutuluka magazi komanso pa ntchafu pali chibanga chakuda koma sanagundidwe. Ine ndimaona ngati mswachi ndi wolimba. Kodi zikugwirizana ndi zimenezi?

Anti Nesi Leeds: Che Jafali chonde chonde asiye kumwa goji pompano ndipo apite kuchipatala LERO akayezetse INR, muyezo woonetsa mmene magazi asungunukira, musadikire tsiku la kiliniki. Mutenge paketiyo mukawaonetse adokotala ndipo mukanene masiku amene amwa ndi kuchuluka kwake. Warfarin musamusiye nokha kapena kuchepetsa nokha, ndi valavu yachitsulo kusiya nkoopsanso, adokotala ndi amene anene zochita akaona zotsatira. Akayamba mutu waukulu, kusanza magazi, mkodzo wofiira, chimbudzi chakuda bii, kamfuno kosasiya kapena kufooka mbali imodzi, thamangirani ku emergency nthawi yomweyo ngakhale usiku.

Che Jafali Mangochi: Ndamva anti, ndikutseka pa shopu ndikawatenge

Anti Nesi Leeds: Pitani bwino, mutiuze. Kwa ena nonse, ili ndiye vuto lodziwika kwambiri la goji. Amawonjezera mphamvu ya warfarin magazi nkusungunuka mopitirira. Nkhani yoyamba kulembedwa inali mu 2001 ku America, mayi wa zaka 61 amene INR yake inali yokhazikika bwinobwino anamwa tiyi wa goji makapu atatu anayi pa tsiku kwa masiku anayi okha, INR inakwera kufika 4.1 pamene imayenera kukhala pakati pa 2 ndi 3, atasiya inabwerera. Pambuyo pake panalembedwanso nkhani zina, ena mpaka kutaya magazi, moti mu 2013 bungwe loona za mankhwala ku Germany, BfArM, linatulutsa chenjezo kwa onse omwa mankhwala a mtundu wa warfarin kuti apewe goji. Kwathu anthu a warfarin alipo ambiri kuposa momwe timaganizira, a mavalavu, a magazi oundana m'miyendo, a mtima wogunda mosalongosoka, ndipo ambiri amayeza INR patalipatali chifukwa cha mtunda. Amayi oyembekezera nawonso ndi bwino angopewa, ndipo pali anthu ena amene thupi lawo limadana naye, kutuluka zidzolo ndi kutupa milomo.

Make Tadala: Mayo ine, zimenezi pa pepala lija palibepo. Ndili ndi kasitomala wachikulire amene anadwalapo mwendo kutupa, ndimuimbira pompano ndimufunse mankhwala amene akumwa. Kuyambira lero aliyense wogula ndizimufunsa kaye za warfarin. Koma kugulitsa sindisiya ayi, chipatso nchabwino ichi ndipo ana anga akudyera momwemo.

Admin: Palibe akukuletsani kugulitsa Make Tadala, gulitsani ngati chakudya. Koma pagulu pano tisalembe kuti chakutichakuti chimachiza shuga, BP kapena khansa. Za mankhwala ndi katsatsidwe kake kuno zili m'manja mwa PMRA, bungwe la boma loona za mankhwala, azitsamba omwe. Uthenga wa anti wa warfarin ndaupinira pamwamba kuti aliyense auone.

Mnyamata wa ku Yinchuan: Make Tadala poti mumaitanitsa, pali china choti musamale nacho pa katundu weniweniyo. Mu Seputembala 2024 wailesi ya kanema ya boma CCTV inaulula kuti alimi ndi amalonda ena ku Jingyuan m'chigawo cha Gansu ndi ku Golmud ku Qinghai ankaviika goji mu sodium metabisulfite ndi kumufukiza ndi sulufule, ena mpaka sulufule wa m'mafakitale, kuti aoneke wofiira kwambiri komanso asaole. Inali nkhani yaikulu kuno, anthu anakwiya, akuluakulu a m'maderawo anayamba kufufuza. Anzanga a kuno anandiphunzitsa kusankha, goji wabwino amakhala wofiira moderako osati wowala psuu, pamene panali kaphesi pamakhala kadontho koyera, akakhala wofiira paliponse mpaka pakadonthopo ndiye kuti mwina anamupaka utoto. Mutenge kadzanja mufumbate kanthawi kenako mununkhize, wa sulufule amatsamwitsa m'mphuno ndipo polawa amakhala wowawasa. Woumitsidwa bwino ukamufinya nkutsegula dzanja amamwazika, samatana chibulunga. Anthu a mphumu ndi amene sulufuleyo amawavuta kwambiri. Nde funsani amene amakugulitsaniyo kuti katunduyo ndi wa kuti ndipo ali ndi pepala la kuyezedwa kwake, ogulitsa enieni amakhala nalo.

Make Tadala: Wanga ndi woderako ndipo kadontho koyerako ndakaona, ndapita kukatsegula paketi. Koma amamatana nyengo yotentha

Mnyamata wa ku Yinchuan: Ndi shuga uja akakoka chinyezi. Muzisunga m'botolo lotseka bwino pamalo ozizira, kuno ambiri amaika mu filiji. Akada nkuyamba kunanda kapena kuchita nkhungu mutaye.

Ankolo a ku Joni: Paketi imene ndinagula ine inalembedwa kuti Himalayan, ena amalemba Tibetan. Nde ndi mtundu wina umenewo?

Mnyamata wa ku Yinchuan: Ankolo amenewo ndi mayina a malonda chabe kuti azungu akopeke, mukatembenuza paketi mupeza Product of China ndipo mtengo wake ndi womwewu, Lycium barbarum. Pali m'bale wake Lycium chinense amene kumwera, ku Guangdong, amadya masamba ake mu supu ya chiwindi cha nkhumba kapena mazira, ndipo khungwa la mizu amapangira mankhwala ena otchedwa digupi a kutentha thupi usiku. Wosiyanadi ndi wakuda uja, Lycium ruthenicum wa ku Qinghai, ukamuika m'madzi amasanduka a buluu kapena pepo, ameneyo ndi wodula.

Chaka chatha nthawi ya holide ya Julayi mnzanga wa m'kalasi ananditengera kwawo ku Zhongning ndinakaona kukolola, ndipo kuyambira pamenepo ndimachilemekeza chipatsochi. Mitengo yake ndi zitsamba zofika m'chifuwa kapena m'mapewa, nthambi zolendewera pansi, zili ndi minga, zipatso zake zazitali sentimita imodzi kapena awiri zili ndandanda pa nthambi. Chachiwisi nchofewa kwambiri, ukachifinya pang'ono chabe chimaphulika kapena kuda pouma, nde amathyola ndi manja chimodzichimodzi. Othyola ambiri ndi azimayi, atafunda mipango kumaso chifukwa cha dzuwa, amalowa m'munda kusanache, kabasiketi pambali, dzanja lina lanyamula nthambi lina likuthyola, madzulo amakayezetsa pa sikelo nkulipidwa malinga ndi kulemera kwake. Zala zawo zonse ndi zokalika. Ndipo sizipsa nthawi imodzi, kuyambira Juni mpaka cha mu Okutobala amabwerera pa mtengo womwewo pakangopita masiku ochepa. Akathyola amaviika m'madzi a soda kuti phula la pakhungu lichoke ziume msanga, kenako kuyanika pa mathireyi padzuwa kapena m'nyumba za mpweya wotentha. Agogo ake a mnzangayo ndi a mtundu wa Hui, Asilamu a kuno, anatilandira ndi tiyi wawo wotchedwa babao cha m'kakapu kokhala ndi chivindikiro, muli masamba a tiyi, gouqi, zipatso zofiira za jujube, longan, chitowe, mphesa zouma, walnut ndi shuga wa miyala. Umamwa chivindikiro chili pomwepo ukusefa nacho, iwo nkumangowonjezera madzi. Agogowo ali ndi munda wonse wa gouqi koma anavala magalasi ndipo anandiuza okha kuti diso lina anachitidwa opaleshoni ya ng'ala ku Yinchuan.

Aphunzitsi Opuma: Anti a ku Leeds mwina simukudziwa kuti mtengowu mwauyandikira. Unafika ku Britain m'zaka za m'ma 1730 kudzera kwa Archibald Campbell, Duke wachitatu wa Argyll, amene ankakonda kusonkhanitsa mitengo yachilendo, ndipo mpaka lero umamera wokha m'mipanda makamaka kufupi ndi nyanja, amautcha Duke of Argyll's tea tree. Mu 2007 bungwe la Food Standards Agency kumeneko linagamula kuti goji si chakudya chachilendo chifukwa anthu anali akudya kale chisanafike chaka cha 1997, nchifukwa chake amagulitsidwa momasuka. Ndipo ankolo a ku Joni, ku South Africa kuli abale ake a m'tchire, wina ndi Lycium ferocissimum wa minga zoopsa wa ku Cape, amene atapita naye ku Australia kukachita mpanda anasanduka udzu wovuta kuuthetsa. Onsewa ndi a banja limodzi ndi tomato, mbatata ya kachewere, mabilinganya, tsabola, jamu, ngakhale nthula. Nchifukwa chake musamangothyola kachipatso kofiira kalikonse m'tchire nkumati ndi goji, m'banja limeneli muli zina zakupha.

NaPhiri Chilomoni: Ndathokoza nonse. Ndalankhula ndi mchimwene wanga awakweza amayi basi Lachitatu, Lachinayi m'mawa tikakhale pa mzere ku Lions. Anti ndikulemberani ku inbox za mapilisi amene akumwa.

Anti Nesi Leeds: Mwachita bwino, mutenge buku lawo la kuchipatala ndi mapilisi onse. Tsiku limenelo akathiridwa mankhwala m'maso aziona mbuu kwa maola angapo ndipo dzuwa liziwathobwa, musawasiye ayende okha.

Che Jafali Mangochi: Tabwerako. INR yapezeka yokwera kuposa muyezo wawo, adokotala asintha kamwedwe ka warfarin kwa masiku angapo ndipo akuti tibwerenso akayezenso sabata isanathe. Paketi ija anaiyang'ana nkunena kuti asadzamwenso, ngakhale zitsamba zina zilizonse tizifunsa kaye. Mayi ali bwino akupuma. Mulungu akudalitseni anti. Mlamu wanga ndamuimbira, nayenso anadabwa, iye amangofuna kuthandiza.

Anti Nesi Leeds: Alhamdulillah Che Jafali, mtima wanga wakhala pansi. Tsiku loyezanso lija musaliphonye, chifukwa goji akachoka m'thupi INR ikhoza kutsikanso kwambiri, nde akufunika kuwaona pafupipafupi mpaka ikhazikike.

Bambo a Mphatso Dedza: Tithokoze kuti zayenda bwino. Tsopano funso langa lija la kudzala linakwiririka, mnyamata wa ku Yinchuan tandiyankheni

Mnyamata wa ku Yinchuan: Pepani bambo. Mtengowu ndi wopirira, umamera m'maiko ambiri, koma kuti ubereke bwino umafuna dzuwa lambiri, mpweya wouma, dothi losasunga madzi komanso losawawasa, ndi nyengo yozizira kwenikweni yoti uyoyole masamba nkugona. Kuno mu Januwale kumazizira mpaka madigiri 10 pansi pa ziro ndi kupitirira, mtsinje umachita ayezi m'mbali. Dedza nkozizira kwa ife koma sikufika pamenepo, ndipo vuto lalikulu ndi loti mvula yanu ndi yambiri kuchulukitsa kangapo ya kuno, pamene mtengowu sugwirizana ndi chinyezi, mizu imaola, masamba amagwidwa nkhungu yoyera, zipatso zimang'aluka ndi kuda mvula ikagwa zitapsa. Nsabwe za m'masamba ndi tizilombo tina timaukondanso kwambiri, nchifukwa chake alimi osasamala amapopera mankhwala mopitirira. Alimi a kuno sadzala njere, amadzala nthambi zodula za mitundu yosankhidwa monga Ningqi 1 ndi Ningqi 7, chifukwa wa njere umachedwa ndipo zipatso zake sizifanana.

Bambo a Mphatso Dedza: Nanga njere za m'kati mwa zouma zija sizingamere? Ndili ndi malo a mchenga kumtunda kwa dimba madzi saima, ndikufuna ndiyese mitengo khumi yokha ndione

Mnyamata wa ku Yinchuan: Zimamera ndithu ngati sanaziumitse ndi moto wambiri. Viikani zipatso m'madzi usiku umodzi, mufinye, mupeza tinjere tachikasu tambirimbiri, mutsuke nkufesa m'machubu osakwirira kwambiri, muzithirira pang'ono. Mukaokera muike pa mitumbira yokwera, mupatse mtengo uliwonse chikhomo choti utsamire ndipo muzidulira mphukira za pansi kuti ukhale ndi thunthu limodzi, apo ayi umangoyanga nkumatulutsa ana kuchokera ku mizu mpaka kudzadza malo. Zipatso muyembekezere chaka chachiwiri kapena chachitatu. Zoti ndikubweretsereni nthambi m'chikwama zokha ayi, mbewu yolowa m'dziko imafuna chilolezo cha a zofufuza zaulimi, mukafunse ku Chitedze kapena ku Bvumbwe.

Make Tadala: Bambo a Mphatso njere musagule, ndikupatsani kadzanja ulele. Ndimadutsa pa Dedza Loweruka popita ku Lilongwe, mundidikire pa roadblock cha m'ma 10, nambala ndakutumizirani ku inbox.